Mutu 6: Mabatani Khumi ndi Limodzi

1. Nkhungu ya m'nazale

Kawiri pa tsiku, 6 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo, mipopi ya kudenga la nyumba ya pulasitiki inkapopera madzi. Madziwo ankatsika osalala ngati utsi. Kwa mphindi khumi ndi ziwiri munthu sankamuona bwino mnzake. Ankangomva mapazi ndi kulira kwa wilibala. Mbande zikwi makumi anayi zinkaima m'machubu mwake, mizeremizere, ngati ana a sukulu amene aiwala phokoso.

Kamphepo anakulira m'nkhungu imeneyi. Bambo ake anagwira ntchito pa nazale ya mitengoyo zaka 26. Dzinali anam'patsa ndi antchito, chifukwa ali wamng'ono ankadutsa pakati pa mizere ali paliwiro, mbande n'kutsala zikugwedezeka. Tsopano anali ndi zaka 16, ndipo liwiro lonse linali litasamukira ku zala.

Bambo akewo anali munthu wolemba. Zonse zimene ankadziwa za mbewu za mitengo anazisunga mu wiki ya pa nazalepo. Wiki ndi buku la pa kompyuta limene aliyense wa pantchito angathe kuliwerenga, kuwonjezeramo kapena kulikonza. Mtengo uliwonse unali ndi tsamba lake: nthawi yotola mbewu, kanyikidwe kake, kuya kwa dzenje, masiku omera. Masamba onse analipo 420.

Kuyambira pa 3 Januwale mpaka pa 3 Malichi, bamboyo anabwereza buku lonselo. Ankakonza masamba asanu ndi awiri pa tsiku, kuyambira loyamba, osadumpha ngakhale Lamulungu. Lachiwiri pa 4 Malichi anagwa pafupi ndi thanki ya madzi. Anatuluka m'chipatala dzanja lamanja litafooka, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati madontho a mpopi wotseka.

Lolemba pa 10 Malichi Kamphepo anabwera ndi mphatso. Ku kalabu ya kompyuta kusukulu anali atapanga kapulogalamu kofufuzira, ndipo anakaphatika pa wikiyo kuti antchito azipeza tsamba lililonse popanda kufunsa bambo ake. Kanali ndi kabokosi kolembamo ndi mabatani khumi ndi limodzi. Lina linali losankha dothi, lina mwezi, lina msinkhu wa mtengo, lina dzina la wolemba. Yankho linkafika diso lisanaphethire.

Aphunzitsi ake anakakonda, moti anakalembetsa ku mpikisano wa masukulu wa Loweruka pa 31 Meyi. Kuyambira pamenepo Kamphepo ankalota ali maso. Ankadziona ataima kutsogolo kwa oweruza, mabatani ake akuwala pakhoma lalikulu kumbuyo kwake ngati mawindo a sitima yoyenda panyanja.

2. Manambala a akapitawo

Lolemba pa 26 Meyi, akuweruka kusukulu, anadzera ku nazale kuti apite kunyumba limodzi ndi azakhali ake, mlongo wa bambo ake, amene ankagwiranso ntchito pomwepo.

"Iwe Kamphepo, tabwera kuno usanauluke," anamuitana akapitawo a pa nazalepo.

Analowa m'shedi. Kompyuta ya antchito inali pa shelefu, pakati pa matumba a manyowa ndi makheni othirira, kiyibodi yake itakutidwa ndi pulasitiki. Akapitawo anali munthu wosakweza mawu.

"Ndikuuza manambala, chifukwa manambala alibe chibale. Mwezi wa Malichi anthu anafufuza pa makinawa maulendo 312. Epulo, 140. Sabata yathayi, kanayi. Pa 5 Meyi tinafesa mthethe, machubu zikwi ziwiri. Lero ndi tsiku la 21, ndipo omera ndi 63 okha, chifukwa mbewu sinanyikidwe. Bambo ako analemba za kanyikidweko, ndinawaona ndi maso anga. Koma nzeru imene munthu sangaipeze manja ali matope ili ngati khasu lotsekeredwa m'nyumba ya munthu wopita kutali. Khasu lilipo, koma munda ukumera thengo. Eni nazale akuti chosagwira ntchito chichoke. Lachisanu pa 30, 4 koloko madzulo, ndizimitsa kompyutayi. Masambawo ndikuikira pa fulashi iyi, ukasunge m'kabati kwanu pamodzi ndi zithunzi."

Kamphepo anatulutsa laputopu ya kusukulu m'chikwama. Analowa mu wiki ndi dzina lake, nalemba mawu oti mthethe. Tsamba 12 linatulukira nthawi yomweyo.

"Si ili, akapitawo? Palibe chawonongeka. Kungoti anthu sakudziwa kagwiritsidwe kake. Ndiwalembera kabuku kowaphunzitsa."

Pakhomo panali a Nsanamira, bambo wamtali wothirira mbande, amene ankawerama polowa khomo lililonse.

"Buku lophunzitsa kufufuza m'buku?" anafunsa. "Chabwino, mwana wathu. Ukatha udzalembenso lachitatu, lotiphunzitsa kuwerenga lachiwirilo."

Akapitawo sanaseke. Anapachika fulashi ija pa msomali wa makiyi.

3. Lamulo la ndowa

Kamphepo ndi azakhali ananyamuka ulendo wa kunyumba. Atadutsa pamlatho, azakhali anayamba kuyankhula.

"Mwana wa achimwene, pa nazale paja pali lamulo limene bambo ako analiika iwe usanabadwe. Wantchito watsopano akabwera, womuphunzitsa amatembenuza ndowa n'kukhalapo ola lathunthu, manja ali pansi pa ntchafu, pakamwa potseka. Amangoyang'ana. Bambo ako ankati mphunzitsi wolongolola amangomva mawu ake omwe. Ukamuuza munthu kuti gwira apa, agwiradi, koma sudzadziwa kumene dzanja lake likanapita lokha. Ndipo iwe ukachoka, dzanjalo lipita komweko.

"Iwe chinthu chako unachipangira pampando, manja oyera, nthawi yonse ili yako. Unatifunsa liti? Unabwera ngati dzina lakolo, unaika, tinaomba m'manja, unapita. Kuomba m'manja si kumva, mwanawe. Nthawi zina ndi ulemu chabe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife antchito ndife nkhono: tikamva phazi la wophunzira timabweza mutu m'chigoba. Lachitatu mumaweruka msanga. Ubwere, ukhale pa ndowa. Ukatsegula pakamwa, ola liyambiranso."

"Nanga wina akalakwitsa ndikuona?"

"Ndiye wapeza chimene unabwerera."

Lachitatu pa 28 Meyi, 4 koloko, Kamphepo anatembenuza ndowa pakona ya shedi. Mipopi inayamba. Nkhungu inalowa pakhomo mwakachetechete n'kukhala pa sikirini timadontho ting'onoting'ono. Anthu ankaoneka ngati akuyenda pansi pa madzi.

Pa 4:06 kunabwera a Nsanamira, magolovesi ali m'manja. Sanakhale pansi, chifukwa panalibe mpando. Sanavule magolovesi, chifukwa kunja wilibala inali kudikira. Analemba ndi chala chimodzi. Pofuna kudina batani lofufuzira, chala chonenepacho chinadina awiri nthawi imodzi, ndipo panatseguka mndandanda wa mitundu ya dothi. Anauyang'ana ngati munthu amene wapempha madzi n'kupatsidwa nyuzipepala. Anapukusa mutu, natuluka.

Kamphepo anapanikiza manja ake pansi pa ntchafu.

Pa 4:25 kunabwera mayi wina amene anayamba ntchito mu Epulo. Anaima, nawerenga mabatani ndi milomo kuyambira loyamba mpaka lachisanu. Kenako anabweza dzanja kumbuyo ngati waona chitofu chamoto, napita kukafunsa mnzake.

Pa 4:41 analowa azakhali. Iwo ankadziwa podina. Analemba mawu oti mthethe mosafulumira, nadina batani loyenera. Sikirini inayera mbee. Pakati pake panali nambala imodzi yokha: 0.

Azakhali anagwedeza mutu pang'ono, monga amachitira munthu podutsa pa manda a mnansi. Anatulutsa kope lakale m'thumba la epuloni, nafufuza pa kompyuta tsamba lina limene linkatulukabe, n'kuyamba kulikopera ndi pensulo.

Ola litakwana, Kamphepo anadzuka miyendo itachita dzanzi.

"Azakhali, mukukopera chiyani?"

"Zotsala."

Anamupatsa kopelo. Koyambirira kunali mndandanda wa masiku, wolembedwa mosamala. Pa 4 Epulo, tsamba 1 mpaka 7. Pa 5 Epulo, 8 mpaka 14. Tsiku ndi tsiku, asanu ndi awiri, asanu ndi awiri, mpaka tsiku lomwelo.

"Masamba akuyoyoka," anatero azakhali motsitsa mawu. "M'mene anawakonzera bambo ako ndi m'mene akupitira. Lero atsala 35. Lolemba m'mawa sipatsala ngakhale limodzi. Ine ndimati makinawa amafufuta munthu akasiya kubwera, monga muja achitira m'kaundula wa antchito. Ndinayamba kukopera mochedwa, ndapulumutsa 96 okha."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikuuze kuti chiyani? Kuti bambo ako akuzimirira pakhomo, akuzimiriranso pantchito? Mawu amenewo sauzidwa mwana."

Kamphepo anayang'ana pansi penipeni pa sikirini. Batani lakhumi ndi chimodzi linali laling'ono kuposa njere ya mthethe, ndipo linkati: Masiku 90. Analiika yekha, kuti kapulogalamu kazifufuza m'masamba okhawo amene akonzedwa m'masiku 90 apitawa, yankho lizibwera msanga. Pa dzina lake analisintha tsiku loyamba lomwe kuti lizionetsa zonse, n'kuiwala. Pa kompyuta ya antchito palibe analikhudzapo. Kuchoka pa 3 Januwale, masiku 90 amathera pa 3 Epulo.

"Palibe chafufutika, azakhali," anatero. "Onse alipo. Ndinawabisa ndine."

Azakhali anakhala pa ndowa ija. Anayang'ana pensulo yawo, imene inali itafupika ngati chala chaching'ono.

4. Mamalikesi makumi anayi

Lachinayi pa 29 Meyi Kamphepo anafotokozera aphunzitsi ake a kompyuta nkhani yonse. Iwo anamvetsera, kenako anamwetulira.

"Ndiye vuto lili pati? Chotsa 90 ameneyo. Ndi mzere umodzi, mphindi ziwiri."

"Ndachotsa kale. Koma ndikufuna kuchotsanso mabatani khumi."

Aphunzitsi anavula magalasi.

"Tamvera, mtsikana iwe. Ndapita ku mpikisano umenewu zaka zisanu ndi zitatu. Pa mamalikesi 100, oweruza amapereka 40 poona kuchuluka kwa zimene pulogalamu ikuchita, ndi 15 poona liwiro lake. Amakupatsa mphindi zisanu zokha. Saona matope, saona magolovesi. Anzako abwera ndi zithunzi zozungulira ndi mawu oyankhula okha. Iwe ukaime ndi kabokosi kamodzi ngati bowo la positi? Ndipo lamulo ukulidziwa: chimene ukaonetse chikhale chomwecho chimene chikugwira ntchito pamalopo. Sungakhale ndi ziwiri, china cha oweruza, china cha azakhali ako. Dikira Loweruka lidutse. Lolemba udzachotse zonse zimene ufuna. Mwayi wotere subwera kawiri pakhomo limodzi."

"Akapitawo azimitsa mawa, aphunzitsi."

"Masamba abwerera. Sizokwanira zimenezo?"

"Dzulo anthu atatu anabwera pa kompyuta. Amene anafika pa vuto la 90 ndi mmodzi. Awiriwo anathawira panjira."

Aphunzitsi anavalanso magalasi.

"Pulogalamu ndi yako," anatero. "Ndikutsekulira chipinda mpaka 5 koloko."

Kamphepo anakhala yekha pakati pa makompyuta ozimitsa. Anayamba ndi batani la dothi, limene linam'tengera masiku atatu a Loweruka kulipanga. Linachoka m'kamphindi. Linatsatira la mwezi, la msinkhu, la wolemba. Mawindo a sitima ija ankazima limodzi ndi limodzi, ndipo sikirini inkakula ngati bwalo losesa.

Kabokosi anakakulitsa kuchoka mbali ina mpaka inzake. Pamwamba pake analemba funso: Mukufuna mtengo wanji? Batani lotsalalo analikulitsa mpaka kufanana ndi bokosi la machesi, ndipo analiyesa ndi chala chokulunga m'sokosi. Pansi pa dzina la mtengo uliwonse anaika mzere woyamba wa zimene bambo ake analemba, kuti munthu azidziwa kuti wafika. Nambala 0 ija anaichotsa, n'kuikapo mawu a munthu: Ndayang'ana m'masamba onse 420, sindinapeze. Palibe chafufutika. Mukufuna kulemba tsamba latsopano?

Anayesa ndi wotchi. Yankho tsopano linkatenga masekondi awiri athunthu.

5. Lachisanu, 4 koloko

Akapitawo anachotsa fulashi pa msomali nthawi itangokwana. Antchito asanu ndi anayi anadzaza m'shedi. Kunja mipopi inayamba.

"Mwana akuti wakonza," anatero akapitawo. "Thumba lina la mthethe lafika dzulo. Sindifunsa azakhali ake, amenewo ndi a m'nyumba. A Nsanamira, tipezereni kanyikidwe kake. Magolovesi musavule. Iwe Kamphepo, malo ako ukuwadziwa."

Kamphepo anatembenuza ndowa, nakhalira manja ake.

A Nsanamira anawerama, nayang'ana sikirini ndi diso limodzi.

"Anzake aja apita kuti? Mwawachotsa ntchito onse khumi?" Anthu anaseka. "Ili likundifunsa ngati munthu. Akuti ndikufuna mtengo wanji."

Analemba ndi chala chimodzi chija, chilembo ndi chilembo, nadina batani. Padatsala chidindo cha matope pa pulasitiki. Sekondi yoyamba inadutsa. Nkhungu inalowa pakhomo. Yachiwiri inadutsa.

A Nsanamira anawongola msana mpaka mutu kugunda denga, nayamba kuwerenga mokweza.

"Mthethe. Mbewu iyi ndi yamakani ngati a Nsanamira Lolemba m'mawa, ndipo siimera popanda kuinyengerera. Wiritsani madzi, muwaphule, muwerenge mpaka 30, kenako muthire pa mbewu. Musaiphike pamoto. Igone m'madzimo mpaka mawa nthawi yomweyo. Zotupa mufese, zoyandama mutaye, zouma gwa muzibwereze."

Ena anayang'ana kukhomo, ngati mwini mawuwo atulukira m'nkhungu, chipewa chili m'manja.

"Munthu ameneyu," anatero a Nsanamira. "Kundinena m'buku miyezi yonseyi, ine osadziwa."

Mayi wa mu Epulo uja anadutsa pakati pa anzake popanda womutuma. Analemba dzina la mtengo wina, ndipo tsamba linatuluka. Wachitatu anamukankha ndi chigongono kuti nayenso ayese. Azakhali anaima kumbuyo, kope lili pachifuwa.

Akapitawo anayang'ana wotchi: 4:12. Mipopi inaleka. Anaponya fulashi ija m'thumba la malaya.

"Kompyuta ikhala," anatero. "Wina aike madzi pamoto. Ndipo iwe mwana, ola lako silinakwane."

6. Tsamba limene kulibe

Dzuwa lisanalowe, Kamphepo anapeza bambo ake pakhonde, bulangete lili pamiyendo. Anawaikira laputopu pa kathebulo nawafotokozera zonse, za 90 ndi za kope la azakhali, osabisa kanthu. Atafika pa ndowa, mbali imodzi ya pakamwa pawo inamwetulira.

Anakokera laputopuyo pafupi ndi dzanja lamanzere. Kuyambira pa 4 Malichi anali asanakhudzepo kiyibodi. Anawerenga funso la pamwamba lija, natambasula chala chimodzi. Kulemba mawu awiri kunawatengera mphindi zitatu: wa kumpanda.

Kamphepo ankaudziwa mtengowo. Unali umodzi wokha, m'mbali mwa mpanda kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo palibe wantchito ankadziwa dzina lake. Unkabereka kamodzi pa zaka zingapo, ndipo zipatso zake zikaphulika mbewu zinkamwazika n'kutayika.

Padadutsa masekondi awiri. Ndayang'ana m'masamba onse 420, sindinapeze. Palibe chafufutika. Mukufuna kulemba tsamba latsopano?

Bambo ake anagogoda funsolo ndi chikhadabo. Kenako anagwira dzanja la mwana wawo, naliika pa kiyibodi.

"Zakhwima," anatero movutikira. "Dzuwa... likatentha... ziphulika."

"Liti, bambo?"

"Mawa. Ndinyamule."

Kamphepo anayang'ana kukhomo. Yunifolomu yake inali pa hang'ala, yosita kale, ndipo m'thumba mwake munali kapepala ka aphunzitsi: basi ya ku mpikisano wa mawa inyamuka pa geti la sukulu 7 koloko m'mawa, ndipo sidikira munthu.